Chitetezo Mbaula ku Balaka ndi Machinga

Chitetezo Mbaula ndi mbaula ya dongo lootcha imene imaphika ndi nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu. M'maboma a Balaka ndi Machinga, mbaulayi yakhala ikufalitsidwa ndi zolinga zitatu: kuchepetsa utsi m'khitchini, kupatsa amayi akumudzi ntchito yopezera ndalama, ndi kupeputsa mavuto a mabanja osaukitsitsa. Inayamba kuumbidwa ku Mulanje ndi thandizo la bungwe la ku Germany la GTZ, kenako n'kufalikira m'maboma ena.

Vuto la nkhuni

Balaka inali mbali ya Machinga mpaka 1998 pamene inakhala boma palokha. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 735,438 ku Machinga ndi 438,379 ku Balaka. Monga zilili m'dziko lonse, kumene mabanja oposa 90 mwa 100 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala, anthu a m'mabomawa amadalira mitengo. Nkhalango ya Liwonde yaperepeseka chifukwa cha kuotcha makala, ndipo makala ambiri sathera m'midzi yozungulira. Amanyamulidwa pa njinga kapena pa malole kupita ku Zomba ndi ku Blantyre. Otsala kumudzi, makamaka amayi ndi atsikana, ndiwo amayenda mtunda wautali kukatola nkhuni, ndipo nkhalamba yomwe siingathe kuyenda imagula ndi kandalama komwe ikanagulira ufa.

Kaumbidwe ndi ntchito

Oumba ambiri ndi magulu a amayi. Amakumba dothi la mtapo, kulivundika kwa masabata angapo kuti lifewe, kuliponda ndi kuchotsamo timiyala. Akatero amaliika m'chikombole, n'kuboola khomo lolowetsera nkhuni, n'kumata zogwirira ziwiri ndi timitu titatu tokhazikapo poto. Mbaula imaumitsidwa pamthunzi, chifukwa ikauma msanga padzuwa imang'aluka. Pomaliza amaziotcha zambiri nthawi imodzi mu uvuni. Gulu likalakwitsa posankha dongo kapena poyatsa uvuni, ntchito ya mwezi wathunthu imatha kusweka usiku umodzi.

Kupatula oumba, pali okumba dongo, omanga mauvuni, onyamula pa njinga ndi ogulitsa m'misika. Ntchitozi sizilira sukulu yapamwamba kapena mpamba waukulu, ndipo zipangizo zake zimapezeka pafupi.

Khoma la dongo limasunga kutentha ndi kutchinga mphepo, choncho nkhuni zimatha kupulumuka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, malinga ndi kaphikidwe. Mbaulayi imayakanso ndi zitsononkho ndi mapesi a nandolo. Ku Balaka, kumene nandolo amalimidwa kwambiri, bungwe la Concern Universal linkalimbikitsa ziwirizi pamodzi: banja lidye ndi kugulitsa nandolo, mitengo yake iphikire. Utsi umachepa koma sutheratu, ndiye kuphikira m'nyumba yopanda zenera kumakhalabe koopsa pa chifuwa ndi maso.

Mtukula Pakhomo

Mu 2013 boma la Joyce Banda linalonjeza kuti pofika 2020 m'Malawi mukhale mbaula zamakono 2 miliyoni. Vuto linali loti ngakhale mbaula ya dongo ndi yotchipa, osaukitsitsa sankaigula. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006, imapereka ndalama kwa mabanja 10 mwa 100 aliwonse amene ndi osaukitsitsa komanso alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito. Machinga inali m'gulu la maboma oyamba kulandira, ndipo ku Balaka ndondomekoyi inathandizidwa ndi dziko la Ireland. Concern Universal, yomwe mu 2016 inasintha dzina kukhala United Purpose, inayamba kupereka mbaula kwa olandira Mtukula Pakhomo ku Balaka popanda iwo kulipira, koma oumba ankalipidwa ndithu. Motero ndalama imodzimodziyo inkafikira makomo awiri, la nkhalamba yophika ndi la mayi woumba.

Zotsamwitsa

Msika wodalira mabungwe umazilala pulojekiti ikatha, ndipo magulu ena amatsala ndi mbaula zosowa wogula. Mbaula nayo imasweka pakapita zaka zochepa, ndipo banja losauka likapanda yolowa m'malo limabwerera ku mafuwa. Pali mkanganonso pa ndalama za kaboni, zomwe makampani amapeza akawerengetsera utsi wopewedwa: ophika ndi oumba ndiwo amachita ntchito, koma sadziwa bwino kuti gawo lawo ndi liti.

Ootcha makala nawo ndi amphawi. Lamulo la nkhalango lomwe linakonzedwanso mu 2020 linakhwimitsa zilango, pomwe ndondomeko ya boma ya makala ya 2017 mpaka 2027 imati anthuwa apezeredwe njira zina zopezera ndalama. Magulu oumba mbaula ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi anthu amene amadyera makala m'mphepete mwa nkhalango ya Liwonde.