Khutu Lachitatu pa Lamya

Ana inu a ku Chelstone, mukakwera basi yopita m'tauni kudzera mumsewu wa Great East, mumadutsa pa Yunivesite ya Zambia. Tsiku lina mudzayang'anitsitse nyumba zimenezo, pakuti ndi pamene intaneti inayambira m'dziko muno, m'chaka cha 1994. Yunivesite inakhazikitsa kampani yaing'ono yotchedwa ZAMNET kuti izilumikiza anthu ndi maiko akutali.

Sipanapite nthawi, kampaniyo inakumana ndi dzanja la boma. Mu February 1996, Pulezidenti Frederick Chiluba analetsa kope limodzi la nyuzipepala ya The Post. Koma kopelo linali litaikidwa kale pa intaneti, pa makina a ZAMNET, ndipo kampaniyo inakakamizidwa kulichotsa. Apa boma linazindikira kuti mawu a anthu ambiri amadutsa pa khomo limodzi, ndipo wolonda pa khomolo ndiye kampani yogulitsa intaneti.

Malamulo anadza pambuyo pake. Lamulo la 2009 linalongosola njira imene apolisi angamvetsere mobisa zimene munthu akulankhula pa lamya kapena kulemba pa kompyuta. La 2021, limene anasaina Pulezidenti Edgar Lungu, linalamula kuti kampani iliyonse ikhale ndi makina olola kumvetsera kotere, komanso kuti wapolisi ayambe wapempha chilolezo kwa woweruza, kupatula pamene moyo wa munthu uli pangozi. Mu April 2025 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina malamulo atsopano olowa m'malo mwa limeneli, koma udindo wa makampani sunachotsedwe. Boma linati likufuna kugwira akuba ndi onyenga anzawo pa foni. Maloya ndi atolankhani ambiri anadandaula kuti khutu lotsatira mbala likhoza kutsatiranso munthu wosalakwa. Kwa ine, onse awiri anali ndi mfundo.

Aphunzitsi, pofotokoza phunziroli musaiwale za ndalama. Makina otere ndi okwera mtengo, ndipo amafuna munthu wodziwa kuwayendetsa usana ndi usiku. MTN, Airtel ndi Zamtel ali ndi makasitomala ochuluka oti agawane katunduyu. Kampani yaing'ono, yolumikiza masukulu ndi masitolo ochepa chabe, imasenza lamulo lomwelo ndi thumba laling'ono. Ikhoza kugula makinawo, kuwabwereka kumene lamulo likulola, kapena kukweza mtengo umene makolo anu amalipira pa mwezi.