Zimene kafukufuku wa ku Kota Kota wa 1938 akutiphunzitsa

Mu 1938 boma la atsamunda linayambitsa kafukufuku wa kadyedwe m'midzi itatu ya m'boma la Kota Kota: wina kunyanja, wina m'zitunda, wina kumapiri. Dr B. S. Platt ankatsogolera ntchito yopima matupi ndi chakudya, pomwe Margaret Read ankafufuza miyambo ndi kakhalidwe ka mabanja. Awiriwa sanamvane pa kayendetsedwe ka ntchito. Nkhondo inabuka mu 1939, ndipo zolemba za kafukufukuyu zinangokhala mpaka 1992 pamene zinasindikizidwa.

Ofufuza ongoyamba kumene, amene akufuna kuona mmene nkhawa, njala ndi matenda zimakhudzirana, adzafunika kugwira ntchito ndi akatswiri a maphunziro ena. Asanapite kumudzi agwirizane zinthu zitatu: funso lofufuzidwa, amene adzalembe lipoti, ndi tsiku lokauza eni mudzi zotsatira.