Dzina loti Thatcher

Tikamva dzina loti Thatcher timaganiza za ndale, koma tanthauzo lake lili padenga. Thatcher ndi munthu wofolera nyumba. Ku England kalekale ankafolera ndi mapesi a tirigu kapena bango, ndipo mmisiri wa ntchitoyi ankadziwika nayo mpaka inasanduka dzina lake. Kuyambira pamene anthu a mtundu wa Norman analanda dzikolo mu 1066, mayina otere anayamba kupatsirana m'banja pang'onopang'ono, moti pofika cha m'ma 1400 mdzukulu wosadziwa n'komwe kumanga mtolo wa udzu ankatchedwabe Thatcher. Kumpoto kwa England dzina lomweli linamveka Thacker.

Chodabwitsa n'chakuti amene anatchukitsa dzinali sanabadwe nalo. Margaret Roberts, mwana wa mwini golosale ku Grantham, analitenga mu 1951 atakwatiwa ndi Denis Thatcher. Mu 1979 anakhala mayi woyamba kukhala nduna yaikulu ya Britain, ndipo anatula pansi udindowo mu 1990. Ena amamutama kuti anadzutsa chuma, pomwe anthu a m'migodi ya malasha sanamukhululukirebe chifukwa cha sitiraka ya 1984 ndi 1985. Kuno kwathu anafika mu 1989, nthawi ya Kamuzu Banda.

Denga laudzu kwa Angelezi lero si la munthu wosauka ayi. Amisiri ake anachepa, ndipo kufoletsa nyumba yotere kumadya ndalama zochuluka kuposa kugula malata.