Momwe mawodi a ku Queens anasandukira sukulu

Pamene Malawi ankalandira ufulu mu 1964, mwana wofuna udokotala ankayenera kukwera ndege. Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965 koma inalibe sukulu ya madokotala, ndipo ambiri opita kunja sankabwerako. Dr John Chiphangwi, katswiri wa matenda a amayi, ndi mmodzi mwa amene analimbikira kuti zimenezi zithe. Mu 1991 College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre, moyandikana ndi chipatala cha Queen Elizabeth, chimene tonse timangoti Queens. Madokotala oyamba a kolejiyi, amene anayambira maphunziro ku London, anamaliza mu 1992.

Kafukufuku anali atayamba kale m'mawodimo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor ankasamalira ana okomoka ndi malungo a mu ubongo. Njira yodziwika yoyezera kukomoka inali ya akuluakulu, otha kuyankha funso. Nanga khanda liyankha bwanji? Iwo anakonza ina: kuona ngati maso a mwana akutsata nkhope ya mayi ake, kumvetsera kaliridwe kake, ndi kuona mmene akuchitira akamva kuwawa. Njirayi imatchedwa Blantyre Coma Score, ndipo lero ikugwira ntchito m'maiko ambiri a malungo. Dzina la mzinda wathu linalowa m'mabuku a udokotala chifukwa cha anthu amene ankachezera pambali pa bedi la mwana wodwala, n'kumalemba zimene akuona.

Mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine, yemwe sankachizanso malungo, n'kuyamba Fansidar. Zotsatira za kafukufuku wa ku Ndirande zitatuluka mu 2006, zinaonetsa kuti mankhwala otayidwa aja ayambanso kupha tizilombo ta malungo. Ku Ndirande komweko ndi ku Zingwangwa, ana oposa 28,000 analowa m'kafukufuku wa katemera wa tayifodi kuyambira mu 2018, ndipo mu 2023 katemerayo anafika m'zipatala za dziko lonse.

Mu 2021 College of Medicine inaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing kupanga Kamuzu University of Health Sciences. Chondidetsa nkhawa n'chakuti ndalama zambiri za kafukufukuyu zimachokerabe kunja, monga ku Wellcome ya ku Britain. Thandizolo tikuliyamikira, koma wopereka ndalama amakhala ndi mawu pa matenda oti afufuzidwe, ndipo ofufuza athu achinyamata amadalirabe ma pulojekiti amene amatha pakapita zaka zochepa.