Dzina limene atsamunda analephera kulikwirira

M'chaka cha 1900, John Chilembwe anabwerera kuchokera ku America, kumene anakaphunzira, nakhazikitsa Providence Industrial Mission pa Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Chakumpoto kwa malowa kunali minda ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene anthu ankalira ndi thangata. Nkhondo ya 1914 itayamba, Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti ana a dziko lino akufera nkhondo imene si yawo. Pa 23 January 1915 anthu ake anaukira atsamunda, ndipo pa 3 February iye anaphedwa kufupi ndi Mulanje.

Boma silinakhutire ndi imfa yakeyo. Linaphwasula tchalitchi chachikulu cha pa Mbombwe, linatseka mishoni, ndipo linamuika m'manda opanda chizindikiro kuti pasapezeke pomulirira. Mishoniyo inadzatsegulidwanso mu 1926 ndi Dr Daniel Malekebu. Lero nkhope ya munthu amene anabisiridwa manda ili pa K500 ndi pa K2000, ndipo pa 15 January dziko lonse limapumula pomukumbukira. Mu 2022 chosema chake, chimene anakonza Samson Kambalu, chinaimikidwa pa Trafalgar Square mu London, likulu la omwe anamupha. Mawu a akulu akomadi akagonera.

Ife a kunyanja nkhani yotereyi si yachilendo. Boma lathu la Mangochi linkatchedwa Fort Johnston, dzina la Harry Johnston amene anathira nkhondo Makanjira ndi mafumu ena a Chiyao. Kuchokera m'boma lomweli, Henry Masauko Chipembere anaukira ulamuliro wa Dr Banda mu February 1965, nakamwalira ku America mu 1975, dzina lake likuopedwa kutchulidwa kuno. Lero msewu waukulu wa pakati pa Blantyre ndi Limbe, umene unkatchedwa Kamuzu Highway, ukudziwika ndi dzina lake. Nalo dzina la Kamuzu linachotsedwa pa bwalo la ndege la ku Lilongwe ndi pa bwalo la masewero la ku Chichiri ulamuliro utasintha mu 1994, kenaka linabwezeredwa mu nthawi ya Bingu wa Mutharika.

Chikwangwani chimatsata amene ali pampando. Chimene chinasunga dzina la Chilembwe pa zaka zonse za atsamunda ndi pakamwa pa anthu amene ankafotokozera ana awo zimene zinachitika pa Mbombwe. Ntchito imeneyo tsopano yagwera ife. Mwana amene timamutuma kukagula usipa atafumbata K500 amaidziwa nkhopeyo, koma tikapanda kumuuza za thangata ndi za kalata ija, kwa iye Chilembwe adzangokhala mtengo wa ndiwo. Pamenepo tidzakhala titamaliza ndi manja athu zimene atsamunda analephera.