Kuziziritsa Purosesa mu Laputopu Yakale

Malaputopu ena akale, monga ThinkPad T430 ya mu 2012, ali ndi purosesa yotheka kuzula, yosawotchereredwa pabolodi. Eni ake amachotsa i5-3320M n'kuikamo i7 yamphamvu, koma chovuta ndi kutentha: i5 imeneyi ndi ya mawati 35, pomwe i7-3720QM ndi ya 45. Purosesa ikatentha mopitirira imadzichepetsera yokha liwiro, ndiye kuti ndalama zogulira i7 zangopita pachabe.

Ntchito yoziziritsa imayamba ndi kuchotsa fumbi lomwe latseka fani ndi timipata totulukira mpweya. Kenako thermal paste youma ipukutidwe, ipakidwe yatsopano pang'ono chabe. Ena amaikamo heatsink yochokera mu T430 yokhala ndi NVIDIA, chifukwa heatsink imeneyi imakoka kutentha msanga. Wosafuna chintchito chonsechi amangogula i7-3632QM, ya mawati 35.