Paul Wellstone: pulofesa amene anaphunzitsa ndale pozichita

Mu 1969, a Paul Wellstone anamaliza digiri ya udokotala pa University of North Carolina n'kuyamba kuphunzitsa sayansi ya ndale pa Carleton College, m'tauni ya Northfield, ku Minnesota m'dziko la United States. Anali ndi zaka 25. Ambiri mwa ophunzira a pakolejiyi ankachokera m'mabanja opeza bwino, pamene m'midzi ya m'boma la Rice munali mabanja ambiri osauka amene mawu awo sankamveka kwa akuluakulu.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, a Wellstone anathandiza kukhazikitsa gulu lotchedwa Organization for a Better Rice County. Ambiri m'gululi anali amayi olera okha ana, odalira thandizo la boma. Ankafuna nyumba zotsika mtengo, chithandizo cha kuchipatala, chakudya chaulere cha ana kusukulu ndi malo osamalirako ana masana. Anthu amene poyamba ankaopa kulowa mu ofesi ya boma anayamba kuyankhula okha pamisonkhano ya akuluakulu. Ophunzira a pakoleji ankatenga nawo mbali pa ntchitoyi. Mbiri ya gululi anailemba m'buku la How the Rural Poor Got Power, lomwe linatuluka mu 1978.

Ntchitoyi inatsala pang'ono kuwadyetsa mpando. Akuluakulu a koleji anaganiza zowachotsa ponena kuti salemba mokwanira m'magazini a kafukufuku. Ophunzira anakana chigamulocho ndipo anachita zionetsero, mpaka koleji inabweza mawu n'kuwapatsa ntchito yokhazikika.

Kenako anagwira ntchito ndi alimi amene ankakana kuti mawaya akuluakulu a magetsi adutse m'minda yawo. Mu 1984 anamangidwa pa zionetsero zotsutsa mabanki olanda minda ya alimi angongole. Mu 1982 anali atapikisana nawo pa udindo wowerengera ndalama za boma la Minnesota, koma anagonja. Mu 1990 anayendayenda m'midzi pa basi yakale yobiriwira, ali ndi ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi za mnzawo Rudy Boschwitz, ndipo anapambana mpando wa ku Senate. Anasankhidwanso mu 1996.

Ku Senate sanaiwale za sukulu. Iwo eni ankavutika ndi mayeso ali mwana, choncho ankatsutsa zoti mayeso amodzi ndiwo azigamula tsogolo la mwana pamene sukulu za osauka zilibe mabuku ndi aphunzitsi okwanira. Mu 2001 anali mmodzi mwa aphungu 10 a ku Senate amene anakana lamulo la maphunziro la No Child Left Behind.

A Wellstone anamwalira pangozi ya ndege pa 25 Okutobala 2002 pafupi ndi Eveleth, pamodzi ndi akazi awo, a Sheila, ndi mwana wawo Marcia, kutatsala masiku 11 kuti chisankho chichitike. Pambuyo pake ana awo aamuna anayambitsa bungwe la Wellstone Action lophunzitsa anthu wamba kusonkhanitsa anzawo ndi kupikisana pa zisankho.